Kasinthasintha wa Dzuwa ndi Nyenyezi Zinzake

Mlimi aliyense adziwa kuwerenga nyengo za chaka. Adziwa kuti dzinja likapita kudza masika, masika akapita kudza chisanu, ndipo chisanu chikapita kudza chilimwe, nthawi yososa ndi kugalauza minda. Koma ngowerengeka amene adziwa kuti dzuwa lenilenilo, limene likhwimitsa chimanga ndi kukometsa tsamba la fodya, lili ndi kasinthasintha wakewake amene abwereza pa zaka 11. M'phunziro lino tiona kasinthasintha ameneyu, chimene chimchititsa, ndi zimene akatswiri aphunzira poyang'ana nyenyezi zina zofanana ndi dzuwa. Potsiriza tiyankha funso limene likhudza nkhokwe ya munthu aliyense: kodi kasinthasintha wa dzuwa angatiuze chaka cha mvula ndi chaka cha chilala? Funso limeneli linasokeretsa anthu anzeru ambiri, ndipo mlimi amene asokera pa za mvula ataya mbeu ndi thukuta lomwe.

MAWANGA A PA DZUWA

Dzuwa ndi nyenyezi. Lioneka lalikulu kuposa zinzake chifukwa lili pafupi nafe, pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni. Si la mwala kapena la dothi ayi. Ndi chimpira cha mpweya wotentha koopsa, ndipo kukula kwake, kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, kulingana ndi maiko 109 onga lathu lino oikidwa pa mzere umodzi. Kutentha kwa pankhope pake ndi madigiri pafupifupi 5,500, pamene madzi a m'mphika awira pa madigiri 100 okha.

Pankhope pa dzuwa pamatuluka mawanga akuda. Mawangawa si maenje. Ndi malo amene kutentha kwake kwachepako, kufika madigiri 4,500, ndipo pakati penipeni pa banga lalikulu kufika 3,500. Aoneka akuda chifukwa azunguliridwa ndi malo owala koposa, monga khala la moto limene liwala usiku koma masana lioneka lakuda. Ena akhala masiku owerengeka, ena miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ena akula kuposa dziko lathu lonse.

Tichenjeze msanga: musayang'ane dzuwa kuti muone mawangawa, ngakhale ndi galasi lodetsedwa ndi utsi, ngakhale m'madzi a m'beseni. Diso lipsa m'kati popanda kumva ululu, ndipo kupsa kumeneko kulibe mankhwala. Akatswiri ali ndi zipangizo zao zotetezera maso.

MUNTHU AMENE ANAWERENGA MAWANGA ZAKA 17

Anthu a ku China analemba za mawangawa zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo ku Ulaya Galileo ndi anzake anayamba kuwaona ndi magalasi oonera kutali cha m'ma 1610. Koma panapita zaka zoposa 200 asanadziwe kuti mawangawo achuluka ndi kuchepa motsata dongosolo. Amene anazindikira ichi ndi Bambo Heinrich Schwabe, wogulitsa mankhwala wa mumzinda wa Dessau, m'dziko la Germany. Kuyambira chaka cha 1826, tsiku lililonse lopanda mitambo, iye ankaona dzuwa ndi kulemba m'buku chiwerengero cha mawanga. M'chaka cha 1843, atachita chomwecho zaka 17, analengeza kuti mawanga achuluka, achepa, nachulukanso pa zaka pafupifupi 10. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pambuyo pake Bambo Rudolf Wolf wa ku Switzerland anafufuza m'mabuku akale napeza kuti ulendo umodzi utenga zaka 11, ngakhale kuti maulendo ena afupika kufika zaka 9 ndipo ena atalika kufika zaka 14.

Maulendowa awerengedwa kuyambira chaka cha 1755. Ulendo wa nambala 25 unayamba m'mwezi wa Disembala 2019, ndipo mawanga ake anafika pachimake m'chaka cha 2024. Ulendo uliwonse uyenda chimodzimodzi. Mawanga oyamba atuluka kutali ndi chiuno cha dzuwa, ena kumpoto ena kummwera, ndipo pamene zaka zipita, mawanga atsopano atulukira pafupipafupi ndi chiunocho kufikira atatha.

M'chaka cha 1908 Bambo George Hale, pa phiri la Mount Wilson ku California, m'dziko la America, anapeza kuti banga lililonse ndi malo a mphamvu ya maginito, yoposa nthawi zikwi zingapo mphamvu ija ya dziko lathu imene itembenuza singano ya kampasi. Mudziwa kuti maginito ali ndi nsonga ziwiri, ya kumpoto ndi ya kummwera. Bambo Hale ndi anzake anaona kuti mawanga ayenda awiriawiri, lina la nsonga iyi lina la nsonga inzake, ndiponso kuti pa ulendo wotsatira awiriwo asinthana malo: limene linali patsogolo likhala pambuyo. Motero kuti dzuwa libwerere monga linalili poyamba pafunika maulendo awiri, ndizo zaka 22.

DAYINAMO YA M'KATI MWA DZUWA

Kodi mphamvu ya maginitoyi ichokera kuti, popeza kutentha kwa dzuwa kungasandutse chitsulo chilichonse kukhala mpweya? Inu amene muli ndi njinga ya nyali mudziwa kadayinamo kamene katsamira pa tayala. M'kati mwake muli maginito ndi waya wokulungakulunga. Tayala likazungulira, maginito azungulira pafupi ndi wayayo, ndipo m'wayamo mubadwa magetsi. Mukaima, nyali izima. Palinso chinthu chachiwiri chimene akatswiri anachipeza kale, chakuti magetsi oyenda m'waya nawonso abala mphamvu ya maginito. Chotero kuyenda, magetsi ndi maginito zithandizana. Bambo Joseph Larmor ananena m'chaka cha 1919 kuti dzuwa lingakhale dayinamo yodzipalasa yokha, ndipo Bambo Eugene Parker m'chaka cha 1955 ndi Bambo Horace Babcock m'chaka cha 1961 analongosola m'mene zingachitikire.

M'dzuwa mulibe waya, koma mpweya wake watentha kotero kuti upititsa magetsi monga waya. Tiyerekeze kuti mphamvu ya maginito ili ngati zingwe zosaoneka zomatirira mumpweyamo: kumene mpweya upita, zingwe zipita komweko. Tsono mpweyawo uli ndi mayendedwe awiri.

Oyamba ndi kuzungulira. Popeza dzuwa si chinthu cholimba, silizungulira lonse pamodzi. M'chiuno mwake lizungulira kamodzi pa masiku 25, koma kufupi ndi nsonga zake litenga masiku pafupifupi 35. Chingwe chimene chinayala kuchokera kumpoto kunka kummwera chikokedwa pakati ndi chiuno chofulumiracho, ndipo pakupita kwa zaka chikulungidwa kuzungulira dzuwa nthawi zambiri, monga ulusi pa chitsononkho. Pokulungidwapo mphamvu yake ikula.

Achiwiri ndi kubwata. Gawo lakunja la dzuwa, lakuya makilomita 200,000, libwata monga phala pa moto: mpweya wotentha ukwera, utaya kutentha kwake pamwamba, nubwereranso pansi. Kubwataku, pothandizana ndi kuzungulira kuja, kupota zingwe zija. Mudziwa chimene chichitika mukapota chingwe cha khonje mopitirira muyeso: chipindika chokha nichitukula mfundo. Momwemonso zingwe za maginito zitukula mfundo zimene zibowola nkhope ya dzuwa. Pamene chingwe chitulukira pakhala banga limodzi, pamene chiloweranso pakhala banga linzake, ndipo ichi ndicho chifukwa chake mawanga ayenda awiriawiri. Pamalo amenewo mphamvu ya maginito itsekereza kubwata, kutentha kulephera kukwera, ndipo malowo azizirako nada.

Mawanga akamafota, zotsalira zao zitengedwa pang'onopang'ono ndi mpweya woyenda kunka ku nsonga za dzuwa. Kumeneko zifafaniza mphamvu yakale ndi kuikapo yatsopano yotembenuka, kotero kuti nsonga ya kumpoto isanduka ya kummwera. Kutembenukaku kuchitika pa nthawi imene mawanga ali pachimake. Pamenepo kukulunga kuyambanso, ndipo ulendo wina ubadwa kuchokera m'zotsalira za ulendo wakale, monga mapesi a chaka chino asanduka chonde cha chaka cha mawa.

NYENYEZI ZOZIZIRAKO

Munthu amene waona phesi limodzi lokha la chimanga tsiku limodzi sangadziwe moyo wa chimanga. Ayenera kuona minda yambiri, wina wongomera, wina wa ngaiyaye, wina wouma. Dzuwa ndi phesi limodzi, ndipo zaka 400 zimene anthu aliona ndi magalasi zili ngati tsiku limodzi pa moyo wake wa zaka 4,600 miliyoni. Chifukwa chake akatswiri anatembenukira ku nyenyezi zina.

Mukayang'ana kumwamba usiku wopanda mwezi muona kuti nyenyezi zisiyana maonekedwe. Zoyera mobiriwira ndizo zotentha koposa. Zachikasu, zofiirira ndi zofiira ndizo zimene akatswiri azitcha zozizirako, ngakhale kuti nazonso zitentha madigiri zikwi zingapo, ndipo dzuwa lathu lili m'gulu limeneli. Nyenyezi zozizirako ndizo zili ndi gawo lakunja lobwata, chotero ndizo zingakhale ndi dayinamo yonga ya dzuwa.

Vuto linali lakuti nyenyezi zili kutali kwambiri, ndipo mawanga ake saoneka. Bambo Olin Wilson, wa ku Mount Wilson komwe kuja, anapeza njira. Mumpweya wa dzuwa muli kashiamu, chinthu chomwe chija chopezeka m'laimu ndi m'mafupa. Pamalo a mphamvu yambiri ya maginito kashiamuyu awala koposa ndi kuwala kwa mtundu wakewake, kumene makina angakupatule ndi kukuyesa. Kuyambira chaka cha 1966 Bambo Wilson anayesa kuwala kumeneku m'nyenyezi 91, mwezi ndi mwezi, nalengeza zimene anapeza m'chaka cha 1978. Ena anapitiriza ntchitoyo zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1995 Mayi Sallie Baliunas ndi anzao anafalitsa mbiri ya nyenyezi 111.

Anapeza magulu atatu. Nyenyezi pafupifupi 6 mwa 10 zilizonse zili ndi kasinthasintha monga dzuwa, zina wa zaka ziwiri ndi theka, zina wofika zaka 25. Imodzi mwa zinayi zilizonse isintha kwambiri koma mopanda dongosolo. Zotsalazo zangokhala bata, zosasintha konse.

Chimene chisiyanitsa maguluwa kwenikweni ndi liwiro la kuzungulira, ndipo liwirolo litsata msinkhu. Mudziwa kagulu ka nyenyezi kamene makolo anakatcha Nsangwe, Azungu akatcha Pleiades. Zimene tiziona ndi maso m'kagulumo ndi zotentha, koma pakati pa izo pali mazana a nyenyezi zozizirako zosaoneka ndi maso, ndipo zonsezo nzanthete, za zaka zongopitirira 100 miliyoni. M'chaka cha 1972 Bambo Andrew Skumanich anayerekeza nyenyezi za mu Nsangwe ndi za m'magulu ena okulirapo, ndiponso ndi dzuwa. Anapeza kuti msinkhu wa nyenyezi ukachuluka kanayi, liwiro la kuzungulira kwake lichepa ndi theka, ndipo kuwala kwa kashiamu kuchepa momwemo. Nyenyezi yanthete izungulira pa masiku owerengeka, ili ndi mawanga aakulu, ndipo khalidwe lake nlosakhazikika. Koma mphamvu yake yomweyo ya maginito igwira mpweya umene uthawa m'nyenyezimo nikhala ngati buleki ya njinga. Motero nyenyezi ikamakula ichepetsa liwiro, dayinamo yake ifatsa, ndipo kasinthasintha wa dongosolo aoneka. Dzuwa lathu lili pa msinkhu wofatsawo.

Zitsanzo zina zili pafupi. Kummwera, pambali pa nyenyezi zinayi zija zooneka ngati mtanda, pali nyenyezi yowala kwambiri yotchedwa Alpha Centauri. Ndi maso ioneka imodzi, koma ndi ziwiri zozungulirana, ndipo yaing'ono mwa izo ili ndi kasinthasintha wa zaka 8 kapena 9. Nyenyezi ina yofiirira, 61 Cygni A, ili ndi wa zaka 7, ndipo m'chaka cha 2016 akatswiri anaonetsa kuti nsonga zake za maginito zitembenuka monga zichitira za dzuwa.

ZIMENE ZIKALI KUFUFUZIDWA

Pali mafunso awiri amene akatswiri akali kulimbana nao. Loyamba likhudza malo enieni a dayinamo. Pansi pa gawo lobwata la dzuwa pali malire, pamene gawolo likhudzana ndi chikatikati chimene chizungulira chonse pamodzi, ndipo ambiri anakhulupirira kuti zingwe za maginito zikulungidwa pamalire pamenepo. Koma tinyenyezi tating'ono tofiira tibwata kuchokera pakati penipeni kufika kunja, ndipo tilibe malire otere. Kamodzi mwa ito ndi Proxima Centauri, nyenyezi yapafupi ndi dzuwa koposa zonse, imene kuwala kwake kutenga zaka 4 ndi miyezi itatu kufika kuno. Ngakhale ilibe malirewo, ili ndi mphamvu yaikulu ya maginito, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 akatswiri anapezamo zizindikiro za kasinthasintha wa zaka pafupifupi 7. Ichi chawachititsa kuganizanso za m'mene dayinamo ya dzuwa igwirira ntchito.

Lachiwiri likhudza kupuma kwa dayinamo. Kuyambira chaka cha 1645 kufika 1715 mawanga anatsala pang'ono kutheratu pa dzuwa, chinkana kuti akatswiri a ku Paris ndi kwina analikuyang'ana mosamala. Nthawi imeneyi itchedwa ndi dzina la Bambo Walter Maunder wa ku Greenwich, amene anaifufuza m'mabuku akale pamodzi ndi akazi ake, Mayi Annie Maunder. M'chaka cha 2022 akatswiri anaonetsa kuti nyenyezi yotchedwa HD 166620, imene inali ndi kasinthasintha wa zaka zapakati pa 15 ndi 17, inachita chimodzimodzi: mphamvu yake inafooka m'zaka zoyamba za m'ma 2000, nikhala bata zaka zoposa 10. Motero kupuma kotere si kwa dzuwa lokha ayi.

ZIMENE MAWANGA ACHITA PANSI PANO

Zingwe zopotana zija nthawi zina ziduka mwadzidzidzi ndi kulavula mtambo wa mpweya wa magetsi. Mtambowo ukalunjika kuno ugwedeza mphamvu ya maginito ya dziko lathu, ndipo zimene zivutika ndi zinthu za waya ndi za wailesi. M'mwezi wa Sepitembala 1859, Bambo Richard Carrington ataona kung'anima pa gulu la mawanga, mawaya a telegalamu anathetheka moto ku Ulaya ndi ku America. Pa 13 Malichi 1989 magetsi anazima maola 9 m'chigawo cha Quebec ku Canada. M'mwezi wa Meyi 2024, pa nthawi yobzala chimanga ku America, mathirakitala ambiri amene atsogoleredwa ndi makina a GPS anasokera m'mizere, ndipo alimi ena anaimitsa kubzala kufikira zinthu zitakhazikika. Munthu woyenda pansi, chiweto ndi mbeu za m'munda sizipwetekedwa, pakuti mpweya wa dziko lathu utiphimba.

KODI MAWANGA ANGALOSERE MVULA?

Ambiri anayesa. M'chaka cha 1801 Bambo William Herschel anayerekeza kuchuluka kwa mawanga ndi mtengo wa tirigu ku England. M'chaka cha 1923 Bambo Brooks anaonetsa kuti madzi a m'nyanja ya Victoria anakwera ndi kutsika pamodzi ndi mawanga kuyambira 1896 kufika 1922, ndipo m'chaka cha 1924 Bambo Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, analemba zofanana ndi zimenezi za nyanja yathu ino. Nkhaniyo inamveka yokoma, koma zaka zotsatira zinaikana. Nyanja yathu inatsika kotero kuti mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanjamo cha m'ma 1915, ndipo kuchokera pamenepo madzi anakwera zaka pafupifupi 20, mawanga achuluke kapena achepe, kufikira Shire anayambanso kuyenda cha m'ma 1935. Nyanja ya Victoria nayo inakwera koopsa kuyambira 1961 kufika 1964, pa nthawi imene mawanga analikutha.

Taonaninso zaka za chilala m'dziko muno. Chilala cha 1922 chinadza mawanga ali ochepa, ndipo njala ya 1949 inadza ali ochuluka. Chilala cha 1992 chinadza ali ochuluka, ndipo cha 2005 chinadza atachepa. Munthu amene akadatsata mawanga pobzala akadalakwa kawiri pa kanayi, monga wongochita maere.

Chifukwa chake nchodziwika. Kuyambira chaka cha 1978 makina oulutsidwa kumwamba akhala akuyesa mphamvu ya dzuwa, ndipo apeza kuti pa ulendo wonse wa zaka 11 isintha ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000. Ndi monga kuchotsa kilogalamu imodzi pa matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Kusintha kochepa chotere kumizidwa ndi zinthu zazikulu za pansi pano, makamaka kutentha kwa madzi a m'nyanja zamchere. Chilala cha 1992, cha 2016 ndi cha 2024 zinadza m'zaka za El Niño, pamene madzi a m'nyanja ya Pacific atentha mopitirira. Makina omwewo aonetsanso kuti mphamvu ya dzuwa siinakwere kuyambira 1978, pamene dziko lapitirira kutentha. Chotero kutentha kwa masiku ano sikuchokera ku mawanga, koma ku utsi wa malasha, mafuta ndi nkhalango zotenthedwa.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Dzuwa ndi imodzi mwa nyenyezi zozizirako, ndipo mawanga ake achuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11.

2. Mawanga abadwa ndi dayinamo, ndipo chimene chipalasa dayinamoyo ndi kuzungulira ndi kubwata kwa mpweya wotentha.

3. Nyenyezi zanthete zizungulira msanga ndipo nzosakhazikika. Zachikulire, monga dzuwa, zifatsa nizitsata dongosolo, ndipo zina zipuma kwa nthawi.

4. Mawanga angasokoneze magetsi, wailesi ndi GPS, koma sangakuuzeni tsiku lobzala. Mukamva mphekesera yakuti chaka chino mawanga achuluka kotero mvula idzakhala yakutiyakuti, musasinthe mbeu kapena kuchedwetsa nazale ya fodya chifukwa cha mau amenewo. Mverani a zanyengo ndi alangizi a m'dera lanu, konzani mizere nthawi ikalipo, ndipo bzalani ndi mvula yoyamba imene yanyowetsa nthaka mokwanira.

5. Musayang'ane dzuwa ndi maso, ndipo muwaletse ana.

Chinthu china tingatengere kwa Bambo Schwabe ndi Bambo Wilson ndicho buku ndi pensulo. Iwo anazindikira dongosolo chifukwa analemba tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ndipo amene anasokera pa za nyanja anasokera chifukwa zaka zimene anawerenga zinali zochepa. Inunso lembani chaka ndi chaka tsiku limene mvula yayamba pamudzi panu, tsiku limene mwabzala, ndi matumba kapena mabelo amene mwakolola. Zikapita zaka 10 buku limenelo lidzakuuzani za munda wanu zimene mawanga a pa dzuwa sangakuuzeni.